Mabakiteriya a staph ndi anthu amene ali pa dayalisisi: mafunso ndi mayankho

Munthu amene impso zake zasiya kugwira ntchito ndipo wayamba kusefedwa magazi ndi makina, kumene kumatchedwa dayalisisi, amamva mawu achilendo ambirimbiri m'masabata oyamba. Amodzi mwa mawuwo ndi akuti staph. Ena amawamva namwino atawapukuta m'mphuno ndi kathonje, ena amawamva koyamba atagonekedwa kale m'chipatala thupi lili moto. Mafunso ali pansipa ndi amene odwala ndi owasamalira amafunsa kawirikawiri. Mayankho ake akuthandizani kumvana bwino ndi adokotala anu, koma iwo ndi amene akudziwa thupi lanu ndi zotsatira za magazi anu.

Kodi staph n'chiyani?

Ndi chidule cha dzina lakuti Staphylococcus, banja la mabakiteriya okhala pakhungu la anthu ndi la nyama. Dokotala wa maopaleshoni wa ku Scotland, Alexander Ogston, anawaona m'mafinya mu 1880. Ndi timipira ting'onoting'ono tounjikana ngati tsango la mphesa, ndipo dzinali linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza zomwezo. Mu 1884, Friedrich Rosenbach wa ku Germany anasiyanitsa mtundu umene umaoneka wachikasu ngati golide ukamamera m'labotale, nautcha Staphylococcus aureus. Mtundu umenewu ndi umene umayambitsa zithupsa ndi mafinya pabala, ndipo ndi umene tikunena tikamati staph m'mafunso onsewa.

Pali achibale ake ena, monga Staphylococcus epidermidis, amene ali pakhungu la pafupifupi munthu aliyense. Amenewa ndi ofatsa, komabe nawonso amakonda kumatirira pa timapaipi ta pulasitiki toikidwa m'thupi.

Andiuza kuti ndili ndi staph m'mphuno. Ndiye kuti ndadwala?

Ayi. Kukhala nawo n'kosiyana ndi kudwala nawo. Pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 3 alionse athanzi amakhala ndi staph m'mphuno, chakukhomo kwenikweni pamene pali tiubweya, ndipo sadziwa n'komwe. Mwa anthu ena amakhazikika kwa zaka, mwa ena amabwera n'kuchoka, ndipo pali ena amene sawasunga konse. Amapezekanso kukhosi, m'khwapa, m'mphechepeche ndi m'manja.

Bola khungu lili lotsekeka, mabakiteriyawa amangokhala kunja ngati mlendo wapakhonde. Sapweteka, satenthetsa thupi, ndipo safuna mankhwala akumwa. Kudwala kumayamba akapeza polowera, n'kufika mu mnofu kapena m'magazi.

Nanga ngati si matenda, n'chifukwa chiyani madokotala a impso amada nawo nkhawa?

Chifukwa staph amene amadwalitsa munthu nthawi zambiri ndi ake omwe, amene wakhala akuyenda nawo. Kale anthu ankaganiza kuti matenda a m'magazi amachokera kwa wodwala mnzako kapena ku zipangizo za chipatala. Zimenezo zimachitikadi, koma si zimene zimachuluka. Mu 2001, ofufuza a ku Germany anayerekeza staph amene anapezeka m'magazi a odwala ndi amene anali m'mphuno za odwala omwewo, ndipo mwa odwala oposa 80 pa 100 alionse anali mtundu umodzi ndendende. Zaka 15 izi zisanachitike, mu 1986, Victor Yu ndi anzake ku Pittsburgh, m'dziko la America, anali ataonetsa kale kuti odwala a dayalisisi okhala ndi staph m'mphuno amadwala nawo kwambiri kuposa anzawo amene alibe.

Ulendo wake ndi waufupi. Munthu amagwira mphuno kangapo pa ola osazindikira, dzanja lomwelo likanda pamkono kapena likonza bandeji yapachifuwa, ndipo mawa lake singano ikuboola pakhungu lomwelo. Mukamvetsa ulendo umenewu, kuchokera m'mphuno kupita m'manja, kuchokera m'manja kupita pamalo olumikizira makina, malangizo onse amene anamwino amakupatsani ayamba kumveka.

N'chifukwa chiyani ife a dayalisisi tili pachiopsezo chachikulu kuposa anthu ena?

Kusiyana kwake n'kwakukulu zedi. Bungwe la boma la America loona za kupewa matenda, la CDC, linalengeza mu February 2023 kuti pakati pa 2017 ndi 2020, akuluakulu a dayalisisi m'dzikolo ankadwala staph wa m'magazi kuwirikiza pafupifupi ka 100 poyerekeza ndi akuluakulu amene sali pa dayalisisi. M'chaka cha 2020 chokha, odwalawa anapezeka ndi matenda a m'magazi koposa ka 14,000, ndipo oposa gawo limodzi mwa magawo atatu anali a staph.

Chifukwa chachikulu ndi khungu loboledwa. Munthu wosefedwa magazi katatu pa sabata amakhala pa makina ka 156 pa chaka, ndipo ngati akugwiritsa ntchito singano ziwiri ulendo uliwonse, ndiye kuti akubayidwa koposa ka 300. Ndi anthu ochepa amene magazi awo amatsegulidwa kawirikawiri chonchi.

Kuonjezera apo, zoipa zimene impso zikanachotsa zimafooketsa maselo oyera a magazi, amene ntchito yawo ndi kumeza mabakiteriya. Ambiri mwa odwala impso alinso ndi matenda a shuga, amene amachedwetsa mabala kupola. Khungu limauma ndi kuyabwa, munthu amakanda, ndipo timabala ta zikhadabo timakhala malo abwino a staph. Kugonekedwa m'chipatala pafupipafupi ndi kumwa maantibayotiki kawirikawiri kumaonjezera vutolo. N'chifukwa chake odwala a dayalisisi okhala ndi staph m'mphuno ndi ochuluka kuposa anthu wamba, ndipo matenda oyambitsidwa ndi tizilombo ndi achiwiri pa zimene zimapha odwalawa, pambuyo pa matenda a mtima.

Kodi ndinawatenga chifukwa cha uve? Kapena ndi makinawo?

Si uve. Anthu aukhondo kwambiri, kuphatikizapo madokotala ndi anamwino, amakhala nawo, ndipo zimadaliranso mmene mphuno ndi khungu la munthu zilili. Musachite nazo manyazi.

Za makina, timapaipi todutsa magazi ndi sefa yake si zimene zimabweretsa staph kawirikawiri. Pamene pamafunika maso ndi kunja kwa makina, mabatani ake, mpando, lamba woyezera kuthamanga kwa magazi ndi manja a anthu, chifukwa staph amatha kukhala ndi moyo pamalo ouma kwa masiku ngakhale masabata.

Pakati pa fistula, graft ndi catheter, choopsa kwambiri n'chiti?

Choyamba, mawu akuti fistula asakusokonezeni. Si vuto limene amayi ena amakhala nalo akavutika pobereka, ngakhale dzina ndi limodzi. Fistula ya dayalisisi imapangidwa dala: dokotala amalumikiza mtsempha wochokera ku mtima ndi mtsempha wobwerera ku mtima pamkono, kuti wachiwiriwo ukule, ulimbe, uzitha kubayidwa. Njirayi inafalitsidwa mu 1966 ndi madokotala a ku New York, Michael Brescia ndi James Cimino pamodzi ndi anzawo. Mu fistula mulibe chinthu chachilendo, zonse ndi thupi lanu, ndipo singano zikachoka khungu limatsekanso. Ndiyo njira imene imagwidwa ndi matenda mwa apo ndi apo kuposa zonse. Vuto lake ndi loti imafuna masabata 6 kapena miyezi ingapo kuti ikhwime, ndipo ina siikhwima n'komwe.

Graft ndi kapaipi kofewa kopangidwa, koikidwa pansi pa khungu kulumikiza mitsempha iwiriyo. Imayamba kugwira ntchito msanga, koma popeza si mnofu wanu, mabakiteriya akafikapo savuta kukhazikika. Chiopsezo chake chili pakati.

Catheter ndi kapaipi kolowa mu mtsempha waukulu wa m'khosi, wa pachifuwa kapena wa m'mphechepeche, ndipo nsonga yake imafika pafupi ndi mtima pamene mbali ina ili kunja kwa thupi usana ndi usiku. Lipoti la CDC lomwe lija linapeza kuti okhala ndi catheter amadwala staph wa m'magazi kuwirikiza pafupifupi ka 6 poyerekeza ndi a fistula. Catheter yodutsa pansi pa khungu ndipo ili ndi kamkombero kogwirana ndi mnofu ndi yabwinoko kuposa yongoika mwadzidzidzi, koma chiopsezo chimakhalapobe.

N'chifukwa chiyani staph amakonda catheter chonchi?

Pulasitiki ikangolowa m'magazi, mapuloteni a m'magazi amaikuta pasanathe maola. Staph ali ndi tizingwe tawo togwirira pa mapuloteni amenewo. Akagwira amachulukana n'kudzikuta ndi utoto wonanda, wofanana ndi ndere zoterera zimene zimamera m'kati mwa chidebe chosunga madzi nthawi yaitali. Akatswiri amautcha biofilm. M'kati mwa utotowo maselo oyera a magazi safikamo bwino, ndipo maantibayotiki amene akanapha mabakiteriya oyandama m'magazi amalephera kuwamaliza.

Makina akayamba kukoka ndi kubweza magazi mwamphamvu, tizidutswa ta utotowo timathothoka n'kulowa m'thupi. Ichi ndicho chifukwa chake munthu amatha kufika ali bwinobwino, kenako n'kuyamba kunjenjemera patapita mphindi zochepa atalumikizidwa.

Mabakiteriya amalowa m'njira ziwiri: kutsatira kunja kwa kapaipi kuchokera pamene kakutulukira pakhungu, kapena kudzera m'kati pamene zotsekera zatsegulidwa.

Ndimaopa singano, ndipo catheter yanga sinandivutepo. Ndingapitirize nayo?

Manthawa ndi omveka. Singano za dayalisisi ndi zazikulu, ndipo munthu amene wazolowera kulumikizidwa popanda ululu sangalakelake kusintha. Koma tinene mosabisa: kusavuta kwa catheter mpaka lero sikukulonjeza kanthu za mawa. Tsiku lililonse limene ili m'thupi, khomo lolowera m'magazi anu ndi lotseguka. Imathanso kuchepetsa mitsempha ikuluikulu ya pachifuwa, zimene zingadzalepheretse fistula kugwira bwino ntchito m'tsogolo.

Pali mafuta ochititsa dzanzi opaka pakhungu musanabayidwe, ndipo ambiri amati ululu umachepa akazolowera. Pali odwala ena amene catheter ndiyo njira yokhayo kapena yoyenera, monga amene mitsempha yawo inatha, amene mtima wawo ndi wofooka kwambiri, kapena amene akuyembekezera impso yatsopano posachedwa. Ngati inu simuli m'gulu limeneli, funsani adokotala kuti akuyezeni mitsempha ya m'mikono.

Ndamva kuti kubaya pamalo amodzimodzi nthawi zonse sikupweteka. Kodi n'kwabwino?

Njira imeneyi imatchedwa buttonhole. Singano imalowa pabowo lomwelo mpaka papangike kanjira, kenako amagwiritsa ntchito singano zosathwa. Ululu umachepa kwa ena, koma kafukufuku wosiyanasiyana waonetsa kuti matenda a staph amachuluka poyerekeza ndi njira yosinthasintha malo obaya motsatira utali wa fistula. Chifukwa chake ndi kankhanambo kamene kamakhala pakamwa pa bowolo, komwe kamasunga mabakiteriya. Kayenera kuchotsedwa konse ndi chipangizo choyera, ndipo khungu litsukidwe kasanachotsedwe komanso katachotsedwa. Munthu amene ali ndi staph m'mphuno akambirane bwino ndi adokotala asanasankhe njirayi.

Ndingadziwe bwanji kuti matenda ayamba?

Yang'anani pamalo olumikizira tsiku lililonse. Kufiira, kutentha, kutupa, kupweteka kwatsopano, mafinya, kapena bandeji yonyowa ndi yonunkha ndi zizindikiro zoti muuze anamwino tsiku lomwelo. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho dalirani kwambiri kutentha, kutupa, kunyezimira kwa khungu ndi ululu. Pa catheter, onaninso ngati pakupweteka motsatira kanjira kake pansi pa khungu. Pa fistula kapena graft, nkhanambo imene sikupola kapena ikukula ndi yoopsa pawiri, chifukwa mtsempha ukhoza kuphulika pamenepo.

Zizindikiro za m'thupi lonse ndi kutentha thupi kofika madigiri 38 kapena kuposa, kuzizidwa ndi kunjenjemera, kufooka kwadzidzidzi, chizungulire, kupuma mofulumira ndi kusokonezeka mutu. Dziwani zinthu ziwiri. Catheter ikhoza kuoneka yoyera bwinobwino kunja pamene magazi agwidwa kale. Ndipo odwala impso ambiri, makamaka achikulire, thupi lawo silitentha kwambiri ngakhale atadwala zedi. Wosamalira wodwala akaona kuti mayi kapena bambo akungogona, sakudya, akulankhula zosagwirizana, asadikire kuti thupi litenthe.

Ndayamba kunjenjemera kunyumba ndipo tsiku langa la dayalisisi ndi mkucha. Ndidikire?

Musadikire. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ndipo mawu oyamba kunena akhale akuti muli pa dayalisisi ndipo muli ndi catheter, graft kapena fistula. Musangoganiza kuti ndi chimfine kapena malungo n'kumwa mankhwala oziziritsa thupi kuti muone mawa. Mankhwalawo amabisa kutentha pamene mabakiteriya akuchulukana. Musamwenso maantibayotiki otsala m'nyumba: sakwanira kupha staph wa m'magazi, ndipo amasokoneza zotsatira za labotale.

Ngati kunjenjemera kwayamba muli pa makina, itanani namwino nthawi yomweyo. Musangopempha bulangete.

MRSA ndi chiyani? Ndi woopsa kuposa staph wamba?

Ndi staph yemweyo, koma amene samva gulu lalikulu la maantibayotiki a banja la penisilini. Mbiri yake ndi yophunzitsa. Alexander Fleming anatulukira penisilini mu 1928 ataona nkhungu ikupha staph m'mbale yake ya m'labotale. Pasanathe zaka zambiri mankhwalawa atafala, staph ambiri anali atasiya kuwamva. Anthu anapanga maantibayotiki ena otchedwa methicillin, ndipo pofika 1961 ku Britain kunali kutapezeka kale staph wosamva methicillin. Dzina lakuti MRSA likutanthauza zimenezo.

MRSA amachizika, koma mankhwala ake ndi ochepa, ndipo ena sagwira mwamphamvu ngati amene amachiza staph wamba. Kukhala naye m'mphuno si kudwala, monga tanenera pa funso lachiwiri, ngakhale anamwino angamavale magolovesi ndi chovala chapamwamba pokusamalirani kuti asamutengere kwa ena. Musaone ngati akukusalani. Musachepetsenso staph wamba chifukwa choti si MRSA, chifukwa akalowa m'magazi nayenso amapha.

Kodi amayeza bwanji, ndipo aliyense ayenera kuyezedwa?

Namwino amazunguliza kathonje m'kati mwa mphuno zonse ziwiri, nthawi zina kukhosi kapena m'mphechepeche. Sizipweteka. Zotsatira zimatuluka pakatha tsiku limodzi mpaka atatu ngati akumeretsa mabakiteriya, kapena pakatha maola ochepa ngati akuyeza chibadwa chawo. Zipatala zimasiyana: zina zimayeza odwala onse nthawi ndi nthawi, zina zimayeza okhawo amene akupita ku opaleshoni, amene adwalapo staph, kapena pamene matenda abuka pakati pa odwala. Kupezeka opanda staph lero sikutanthauza kuti mudzakhala opanda mwezi wamawa.

Kodi staph wa m'mphuno angachotsedwe?

Angachotsedwe kwa kanthawi. Njira yodziwika ndi mafuta a mupirocin opaka m'mphuno kawiri pa tsiku kwa masiku 5, nthawi zambiri pamodzi ndi kusamba ndi sopo wamadzi wa chlorhexidine. Kafukufuku wa odwala a dayalisisi waonetsa kuti zimenezi zimachepetsa matenda a staph wa m'magazi.

Vuto ndi loti mwa anthu ambiri staph amabwerera pakatha miyezi ingapo, kuchokera kukhosi, pakhungu, kwa a m'nyumba kapena pa zinthu zimene munthu amagwira. Kubwereza mafutawa mosalekeza kumabala staph wosamva mupirocin, ndipo zikatero chida chabwino chatayika kwa inu ndi kwa anzanu. N'chifukwa chake madokotala ambiri amawasungira nthawi zofunika, monga musanaikidwe graft kapena fistula, kapena ngati matenda akubwerezabwereza. Mukapatsidwa, malizani masiku onse, ndipo chlorhexidine asalowe m'maso kapena m'makutu.

Bwanji osangomwa maantibayotiki nthawi zonse kuti ndidziteteze?

Zinayesedwapo. Kafukufuku wa 1986 uja anagwiritsa ntchito maantibayotiki otchedwa rifampin, ndipo matenda anachepadi, koma staph amaphunzira msanga kusamva mankhwalawa. Maantibayotiki osafunikira amaphanso mabakiteriya abwino a m'matumbo n'kubweretsa kutsegula m'mimba koopsa. Pali chitsanzo china chimene odwala impso ayenera kuchidziwa: staph woyamba ku America wosamva konse vancomycin, mankhwala odalirika pochiza MRSA, anapezeka mu 2002 ku Michigan, mwa wodwala wa dayalisisi amene anali atalandira maantibayotiki kambirimbiri, ndipo anapezeka pamalo otulukira catheter.

Ndingachite chiyani ineyo kunyumba?

Manja ndiwo poyambira. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire pamalo olumikizira komanso mukamina. Wengani zikhadabo, ndipo ngati kuyabwa kukukusowetsani mtendere, uzani adokotala m'malo mongokanda, chifukwa nthawi zina kumachepa mchere wa m'magazi wotchedwa phosphate ukatsika kapena khungu likamadzoledwa mafuta oyenera.

A fistula ndi graft azitsuka mkonowo ndi sopo tsiku lililonse, komanso akafika kuchipatala asanakhale pampando. Osatong'ola nkhanambo, osameta ndi lezala pamwamba pa mtsemphawo. Pogwira pobayidwa singano zitachoka, valani golovesi.

A catheter asunge bandeji youma ndi yomata bwino. Musaiviike m'madzi, musasambire, ndipo musambe modzithira pamwamba pokhapokha anamwino atakuonetsani kaphimbidwe kake. Zotsekera zake musazitsegule ngakhale pang'ono. Bandeji ikanyowa kapena kumatuka, isinthidwe msanga monga anakuphunzitsirani. Thaulo, lezala ndi kansalu kosambira zikhale zanu nokha. Odwala shuga aziyang'ana mapazi tsiku lililonse, popeza bala la kuphazi ndi khomo lina lolowera staph.

Nanga anamwino ayenera kuchita chiyani, ndipo ndingawakumbutse?

Ayenera kuyeretsa m'manja ndi kuvala magolovesi atsopano asanakugwireni pamalo olumikizira, osati omwe agwirira makina a mnzanu. Khungu lipukutidwe ndi mankhwala ophera tizilombo, makamaka chlorhexidine wosakaniza ndi spiriti, ndipo aume kaye singano isanalowe. Kuuma kumeneku n'kofunika, chifukwa mankhwala amagwira ntchito nthawi imeneyo. Pakamwa pa catheter pakwechedwe bwino nthawi iliyonse zotsekera zikachotsedwa. Pa nthawiyo inu ndi namwino muvale masiki, ndipo mutembenuzire nkhope kumbali, osalankhula. Zipatala zambiri zimapakanso mafuta ophera tizilombo potulukira catheter, ndipo zina zimasiya mankhwala monga taurolidine m'kati mwake pakati pa masiku a dayalisisi. Makina ndi mpando zipukutidwe wodwala wina atachoka, wina asanakhale.

Kukumbutsa mungathe, ndipo muyenera. Anamwino a dayalisisi amathamanga pakati pa odwala angapo ndipo makina amalira nthawi imodzi, motero kuiwala kumachitika ngakhale kwa waluso. Kunena mwaulemu kuti, "Pepani anamwino, kodi magolovesiwo ndi atsopano?" si mwano. Namwino wabwino amayamikira.

Kodi ndingapatsire ana kapena mnzanga wa m'banja?

Staph amayenda pakati pa anthu okhala nyumba imodzi, ndipo mwina ena mwa iwo ali nawo kale. Kwa munthu wathanzi zimenezi sizidetsa nkhawa kwenikweni. Palibe chifukwa chodyera panokha, chogonera panokha kapena cholekera kunyamula adzukulu. Phimbani bala lililonse lotuluka mafinya, ndipo samalani kwambiri ngati m'nyumba muli khanda, munthu wochitidwa opaleshoni posachedwa kapena wofooka chitetezo cha m'thupi. Wina akamatuluka zithupsa mobwerezabwereza, auzeni adokotala anu, chifukwa akhoza kukhala amene akukubwezerani staph mukawachotsa.

Staph akapezeka m'magazi, amachiza bwanji? N'chifukwa chiyani akufuna kuchotsa catheter yanga?

Amayamba ndi kutenga magazi oti akameretse m'mabotolo apadera, maantibayotiki asanaperekedwe. Kenako amayamba mankhwala a m'mitsempha osadikira zotsatira, nthawi zambiri vancomycin pamodzi ndi ena olimbana ndi mabakiteriya a mitundu ina. Labotale ikanena kuti ndi staph wamba, amasinthira ku mankhwala monga cefazolin, amene amagwira bwino staph wamba kuposa vancomycin. Ubwino wake ndi woti mankhwala onse awiriwa amakhalitsa m'thupi la munthu wopanda impso zogwira ntchito, choncho amatha kuperekedwa pa tsiku la dayalisisi, kumapeto kwake. Ayironi woonjezera magazi woperekedwa m'mitsempha amaimitsidwa kaye mpaka matenda atatha.

Za catheter, onani funso la biofilm lija. Ndi mabakiteriya ena ofatsa madokotala amayesa kuipulumutsa, koma ndi Staphylococcus aureus kuyesako kumalephera kawirikawiri, ndipo kulephera kwake kumabwera ndi mavuto aakulu. Langizo lodziwika ndi kuichotsa, kugwiritsa ntchito yongoyembekezera pamalo ena, n'kuika yatsopano magazi akayera. Graft imene yagwidwa nthawi zambiri imafuna opaleshoni yochotsa mbali yake kapena yonse.

Magazi amayezedwanso pakatha masiku 2 mpaka 4 kuti aone ngati ayera, ndipo mtima umajambulidwa. Mankhwala satsika masiku 14 kuwerengera kuyambira tsiku limene magazi apezeka oyera, ndipo kwa odwala a dayalisisi ambiri amafika masabata 4 mpaka 6. Mudzayamba kumva bwino pakatha masiku ochepa okha, koma kumva bwino si kuchira. Kujomba dayalisisi pa nthawiyi ndi kujombanso mankhwala.

Ndinachira, koma msana ukundipweteka kwambiri. Zikugwirizana?

Zikhoza kugwirizana, ndipo musazitenge mopepuka. Staph ali ndi khalidwe lochoka m'magazi n'kukamanga msasa kwina: pa tizitseko ta mtima, m'mafupa a msana, m'bondo kapena m'chiuno, m'mapapo, ngakhale pa zitsulo ndi zipangizo zoikidwa m'thupi monga kamakina kowongolera kugunda kwa mtima. Zimenezi zimatha kuonekera patapita masabata kapena miyezi. Odwala a dayalisisi ali pachiopsezo chapadera pa mtima, popeza tizitseko tawo nthawi zambiri timakhala tolimba ndi kashiamu, ndipo mabakiteriya amagwirapo mosavuta.

Msana wopweteka pamalo amodzi mosalekeza, makamaka usiku, mfundo yotupa ndi yotentha, befu watsopano, kapena kutentha thupi kobwerera, zonsezi zikufunika adokotala msanga, ndipo akumbutseni kuti munadwala staph wa m'magazi. Miyendo ikayamba kufooka kapena kuchita dzanzi, kapena mukalephera kugwira chimbudzi, pitani nthawi yomweyo, chifukwa mafinya akhoza kukhala akupanikiza mtsempha wa msana.

Kodi ndikadwala kamodzi ndiye kuti thupi lazolowera?

Ayi. Staph sasiya chitetezo chodalirika, ndipo amene anadwalapo ali pachiopsezo chodwalanso, makamaka ngati catheter ikadalipo kapena staph akadali m'mphuno. Iyi ndi nthawi yabwino yokambirana za fistula ndi za mupirocin, monga tafotokozera pamwambapa.

Kulibe katemera?

Pakadali pano kulibe katemera wa staph wovomerezeka. Woyesedwa wina wotchedwa StaphVAX anayesedwa pa kafukufuku wa odwala a dayalisisi pafupifupi 1,800 ku America, ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2002 zinaonetsa chitetezo chapakatikati chimene chinazilala chaka chisanathe. Kafukufuku wachiwiri, wokulirapo, sanaonetse phindu, ndipo ntchitoyo inaimitsidwa mu 2005. Akatemera ena amene odwala impso amalangizidwa, monga wa matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B, wa chimfine cha fuluwenza ndi wa chibayo, ndi ofunikabe, kungoti sateteza ku staph.

Ndikasinthira ku dayalisisi ya m'mimba, kapena ndikapatsidwa impso, vutoli litha?

Limasintha maonekedwe. Pa dayalisisi ya m'mimba, madzi apadera amalowetsedwa m'mimba n'kutulutsidwa kudzera pa kapaipi ndipo magazi satsegulidwa, choncho staph wa m'magazi amachepa kwambiri. Koma kapaipi ka pamimba nako kamatulukira pakhungu, ndipo staph amatha kugwira potulukirapo kapena kulowa m'kati n'kutupitsa nembanemba ya m'mimba. Chizindikiro chake ndi madzi otuluka a mbuu ndi kupweteka m'mimba. N'chifukwa chake odwala amenewa amalangizidwa kupaka mafuta a mupirocin kapena a gentamicin potulukira kapaipi tsiku ndi tsiku.

Wopatsidwa impso amasiyana ndi singano komanso catheter, ndipo chiopsezo cha staph chimatsika pakapita nthawi. Miyezi yoyamba ndiyo yofuna kusamala, chifukwa pali bala la opaleshoni ndipo mankhwala oletsa thupi kukana impso amakhala ochuluka. Ngati mukudziwa kuti muli ndi staph kapena MRSA m'mphuno, auzeni madokotala ochita opaleshoniyo tsiku lisanafike, kuti akonzekere mankhwala oyenera.